Nyimbo ya a Yoramu Itsala Mutu Wokha

1. Makina atsopano

M'chaka cha 1989, mvula isanagwe, ofesi ya mishoni ina yakale ya m'boma la Chongwe inalandira kompyuta. Anabwera nayo ndi wansembe wa kunja, amene anaphunzitsa kalaliki wa pa ofesipo kagwiritsidwe kake asanasamutsidwire ku Lusaka. Anthu a m'midzi yozungulira ankabwera kudzaisuzumira pa zenera, amuna atavula zipewa.

Kalalikiyo anali a Stanislaus, munthu wa imvi amene anayamba kutayipa za mishoni m'nthawi ya atsamunda. Sankalowa mu ofesi opanda tayi, ngakhale m'kutentha kwa Okutobala. Iwo ankaphunzitsa ntchito mtsikana wina dzina lake Clotilda, mwana wa mlimi wa kufupi ndi Chalimbana, amene anasowa malo a Giredi 10.

Clotilda anali wa manja opepuka. Pa taipulaita ankathamanga kuposa mphunzitsi wake, ndipo iye mwini ankadziwa zimenezi. Mwana akadziwa kuti amathamanga, makutu ake amayamba kuchedwa.

2. Chenjezo la a Stanislaus

Kompyutayo inali ndi luso limodzi limene taipulaita inalibe. Munthu akalemba mutu, n'kulemba ndime zake pansi, ankatha kuzipinda ndimezo kuti zibisike, pa galasi n'kutsala mitu yokhayokha yondandalikana. Pambali pa mutu uliwonse wosunga mawu pankaoneka kamtanda kakang'ono.

Tsiku loyamba, Clotilda asanakhudze kanthu, a Stanislaus anamuimika pambali pa tebulo n'kuloza batani lalikulu la kudzanja lamanja.

"Mvetsetsa, mwana wanga, cifukwa sinikonda kubweza mawu," anatero. "Pa taipulaita ukakankha mkono uja, pepala likwera, basi. Zimene walemba zikhala pamene wazilemba, ngakhale ukankhe mpaka phewa liwawe. Batani ili la Enta uliona ngati m'bale wake wa mkono uja. Si m'bale wake iyayi.

"Mutu uli ngati mwini nyumba, ndime ndiwo ana ake. Ukaupinda, ana alowa m'nyumba. Suwaona, koma alimo, ndipo kamtanda aka ndiko kakuuza kuti alimo. Tsono ukadina Enta pa mapeto a mutu wopindidwa, makina aika mutu wina wopanda dzina pakati pa kholo ndi ana. Ana onse asamukira kwa wopanda dzinayo, ndi kamtanda komwe. Iwe uzaona ngati mzere wopanda kanthu. Ukaufufuta, wafufuta banja lonse.

"Amene anapanga batani ili akanakhala oleredwa bwino, akanaliphunzitsa mwambo. Mlendo salowa pakati pa kholo ndi mwana. Ayembekeza panja mpaka a m'nyumba onse adutse. Mutu watsopano unayenera kukakhala pansi pa ndime yomaliza, ana n'kutsala kwa kholo lawo. Koma sanaliphunzitse. Ndiye mwambo umene batani lilibe, ukhale nawo ndiwe. Yamba watambasula mutu, utsike mpaka ku mawu otsiriza, ndiye udine."

"Namva, atate," anatero Clotilda, maso ali pa galasi.

"Sunamve, cifukwa sininatsirize. Niyang'ane ine. Ukalakwa, cotsa manja, uniitane nthawi yomweyo. Makina aya akumbukira cinthu cimodzi cabe, cimene wangocita kumene, ndipo ico akhoza kucibweza. Ukalemba cina pamwamba pake, aiwala. Kulakwa sikucotsa munthu ntchito mu ofesi muno. Kubisa ndiko kucotsa."

3. Katekisi wokalamba

Ntchito yaikulu yoyamba ya Clotilda inali yolemba nyimbo za a Yoramu. Iwo anali katekisi wakale, amene anapeka nyimbo zambiri zimene zinkayimbidwa m'matchalitchi ang'onoang'ono a m'deralo. Nyimbozo anazisunga pamtima. Tsopano maso anali atachita khungu, chifuwa chinkawavuta, ndipo wansembe wa pa mishoni analamula kuti zilembedwe mwini wake akali moyo.

Masana aliwonse a Yoramu ankafika ndi ndodo yawo, n'kukhala pa mpando pafupi ndi Clotilda. Ankatchula mutu wa nyimbo, kenaka n'kuyimba pang'onopang'ono, mtsikanayo akulemba. Mapepala ankasowa m'dziko monse masiku amenewo, motero a Stanislaus ananena kuti palibe chosindikizidwa mpaka buku lonse litatha.

"Iwe mzukulu, zala zako zili monga nkhuku zojompha mapira," ankatero a Yoramu. "Kodi umva zimene niyimba, kapena ungojompha?"

"Nimva, agogo."

"Bodza! Wa kwaya mnzako Jennifer ndiye amamva, koma uja sadziwa kulemba dzina lake bwinobwino. Mulungu sapatsa munthu mmodzi zonse."

Ndipo ankaseka mpaka chifuwa chiwagwire.

Tsiku lina sanaseke. Anapempha kuti chitseko chitsekedwe, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Lemba mutu uwu: Ya pa Manda Anga."

Clotilda anaimitsa manja. "Agogo, mukamba ciani?"

"Lemba. Iyi ninaipekera kumunda, kalekale, caka cimene tinaika mwana wathu wamwamuna. M'nyumba sininaiyimbepo, cifukwa nyimbo ya maliro siyimbidwa m'nyumba ya amoyo, kumeneko ni kuitana imfa. Ngakhale mkazi wanga, ambuya ako a Magdalena, saidziwa. A kwaya asaiphunzire nikali moyo. Niyimba kamodzi lero, makina ako asunge. Tsiku langa likafika, muzaitulutse."

Anayimba. Mawu awo ananjenjemera, ndipo pa ndime yomaliza misozi inatsika m'makwinya a nkhope yawo. Clotilda analemba zonse mosaphonya, monga wotayipa wabwino amachitira: mawu kulowa m'khutu, kutulukira ku zala, osaima mumtima. Atatha anapinda mutuwo, kamtanda n'kuoneka pambali pake.

4. Mluzu pa zenera

Lachisanu la sabata yotsatira kunamveka kuti Bwanamkubwa wa boma adutsa pa msewu waukulu wa Kum'mawa. Masiku amenewo dziko linali ndi chipani chimodzi, ndipo wamkulu akamadutsa, achinyamata onse ankayenera kukaima m'mbali mwa msewu kuomba m'manja. Wosapezekako ankafunsidwa mafunso, makolo ake omwe.

A Yoramu anafika monga mwa masiku onse, koma akupuma movutika. A Stanislaus anali m'chipinda china, chitseko chili chotseguka, akukonza riboni ya taipulaita yakale.

"Lero nakumbukira ina ya ukwati," anatero a Yoramu atakhala pansi. "Uiike pansi pa ija ya sabata yatha, kuti buku lisathere pa maliro."

Nthawi yomweyo panja panalira mluzu. Bornwell, mtsogoleri wa achinyamata a chipani m'deralo, analowetsa mutu pa zenera.

"Ba Clotilda, shani, cavuta ni ciani? Anzanu onse ali pa thirakita, imwe muli kuonerera TV! Mufuna ba Gavanala abwere akupempheni okha?"

"Nibwera manje manje, ba Bornwell."

"Manje manje wa ku mishoni timudziwa, ni mawa. Fulumirani, komuledi, dzuwa siliyembekeza munthu. Mwacoma bwanji, ba katekisi?"

"Tacoma, mwana wa Ackim," anayankha a Yoramu. "Ukaphunzire kupereka moni usanayambe kukuwa."

Bornwell anaseka, osachoka pa zenera.

Pa galasi panali mitu yokhayokha, yonse yopindidwa. Wotsiriza unali Ya pa Manda Anga. Clotilda sanautambasule. Anapita pa mapeto pake n'kudina Enta, monga dzanja lake linazolowera kukankha mkono wa taipulaita. Pansi panatseguka mzere wopanda dzina. Mluzu unaliranso, chala chake chinaterereka, ndipo mzerewo unaoneka kwa iye ngati wakhala molakwika. Sanayang'ane kumene kamtanda kanapita. Anausankha mzere wonsewo n'kuufufuta kuti ayambirenso bwino.

"Yamba waima," anatero a Yoramu. "Tisanayambe ya ukwati, uniwerengereko ndime yomaliza ya ija. Usiku wonse nakhala niganiza kuti mwina ninasinthanitsa mawu awiri."

Clotilda anafuna kutambasula mutuwo. Sunatambasuke. Kamtanda panalibe. Pansi pa Ya pa Manda Anga panali mdima wa galasi basi.

5. Chimene Clotilda anasankha

Owerenga anga, imani pano pang'ono. Pa nthawi imeneyi nyimbo inali isanatayike. Makina anali akukumbukirabe chimene chinangochitika. A Stanislaus anali pafupi, moti ngakhale kutsokomola akanamva. Chofunika chinali kuchotsa manja ndi kunena mawu awiri okha: "Atate, nalakwa."

Koma Bornwell anali pa zenera, ndipo pakamwa pa Bornwell pankadziwika mpaka ku msika wa ku Chongwe. Dzulo lake lomwe a Stanislaus anali atamuyamikira Clotilda pamaso pa wansembe, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Mzukulu, wakhala cete bwanji?" anafunsa a Yoramu, maso awo akhungu akuyang'ana kumene kunali mawu ake.

"Ilipo, agogo," anatero Clotilda. "Yonse ili bwino. Koma nthawi yatha, ba Bornwell aniyembekeza. Nizakuwerengerani pa Mande."

"Mawu awiri aja ali bwino?"

"Ali bwino, agogo."

Nkhalambayo inapuma mozama, n'kumwetulira. "Basi, mtima wanga wakhala pansi. Lemba cabe mutu wa ya ukwati, tisaiwale. Ndime zake pa Mande."

Clotilda analemba mutu watsopanowo. Pomwepo makina anaiwala. Anasunga ntchito yake mu disiki, anazimitsa kompyuta, anaiphimba ndi nsalu yake, n'kugwada kutsanzikana ndi a Yoramu mwaulemu wonse. Ulemu wa mawondo anali nawo ndithu.

Ku msewu anaima pa dzuwa mpaka mithunzi inatalika. Magalimoto a Bwanamkubwa anadutsa mothamanga, mazenera ali otseka, n'kuwasiyira fumbi. Clotilda anaomba m'manja pamodzi ndi anzake. Pobwerera anauza Jennifer kuti mutu ukumupweteka, ndipo mumtima anakonza zoti Lolemba adzapempha a Yoramu mwakachetechete kuti ayimbenso.

6. Lolemba

A Yoramu sanalione Lolemba. Anamwalira Lamulungu m'mawa, belu la Misa yoyamba likulira, atavala kale jekete lawo lopitira ku tchalitchi.

Lolemba a Stanislaus anafika ku ofesi atanyamula mapepala oyera amene anawasunga m'kabati kwa nthawi yaitali. Anapeza Clotilda ataima pakhomo, maso ali ofiira.

"Pukuta misozi, tili ndi ntchito," anatero. "Malemu ananiuza za nyimbo yawo. Mwambo wa kumanda ni mawa masana. A kwaya ali ku nyumba ya maliro, ayembekeza kuti aiphunzire lero. Yatsa makina."

Clotilda anayatsa. Mitu inaoneka. A Stanislaus anavala magalasi awo n'kuwerama. Anayang'ana mitandayo kuyambira pamwamba, chala chawo chikutsika, mpaka chinaima.

"Kamtanda ka apa kali kuti?"

Clotilda anagwada pansi pa simenti n'kufotokoza zonse, kuyambira pa mluzu mpaka pa mawu amene anauza nkhalamba ija.

A Stanislaus sanakalipe. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anayesa njira zonse zimene wansembe wa kunja uja anawaphunzitsa, koma pansi pa mutuwo sipanabwerere kanthu.

"Ninali kuti ine pamene izi zinacitika?" anafunsa.

"M'cipinda umo, atate."

"Citseko cinali cotseka?"

"Cinali cotseguka."

"Ukumbukirako ciani pa nyimboyo?"

Clotilda anatseka maso. "Mzere woyamba cabe. 'Ndalima mzere wanga, Ambuye, dzuwa lapendeka.' Zina zinapita, atate. Ninali kungolemba."

Mkuluyo anakhala pa mpando umene a Yoramu ankakhalapo, ndipo analankhula mawu ake motsitsa.

"Za batani sinikuimba mlandu waukulu. Batani ni lopanda mwambo, ninakuuza, ndipo nane linanipusitsapo. Dzanja lozolowera taipulaita lizalakwa pamenepo mpaka amene anapanga makina aya azawongole. Koma batani silinauze nkhalamba yosaona kuti zonse zili bwino. Munthu uja anakupatsa cimene sanapatse mkazi wake. Anapita kwawo pa Cisanu mtima uli pansi cifukwa ca mawu ako, ndipo wafa akhulupirira kuti nyimbo yake ili m'manja abwino. Unaopa kusekedwa ndi Bornwell. Bornwell akanaseka mpaka pa Ciweru, n'kupeza wina womuseka. Manyazi a kamphindi unawakana, manje uzanyamula aakulu. Nyamuka. Amene afunika kumva izi sindine."

Anasindikiza tsamba limodzi. Pamwamba pake panali mutu uja, pansi ponse pali poyera. Anampatsa Clotilda kuti anyamule yekha.

7. Ku nyumba ya maliro

Amuna anali panja pansi pa mtengo wa mango, amayi ali m'nyumba. Jennifer ndi anzake a kwaya ataona pepala m'manja mwa Clotilda anaimirira, koma a Stanislaus anawakwezera dzanja kuti akhale. Anapempha amayi awiri achikulire kuti alowe naye mtsikanayo kwa anamfedwa, iwo n'kuima pa khomo, chipewa chili m'manja.

A Magdalena anali pa mphasa pa ngodya, atafunda chitenje kumutu. Clotilda anayenda chogwada mpaka pa mapazi awo. Anapereka pepalalo ndi manja awiri, n'kunena zimene anachita. Sanatchule za mluzu, ndipo sanatchule Bornwell.

A Magdalena anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kulisisita pamene panali poyera.

"Pa Ciweru madzulo anali wokondwa," anatero. "Anati, Magdalena, nakusiyira kanthu ku mishoni, uzakamva tsiku langa. Nakhala naye zaka zonse izi, nimumva ang'ung'udza kumunda, nikafika pafupi aleka. Ninati nizaimva mawa."

Mayi wina anayamba kulira mokweza. Clotilda anagwetsa nkhope pansi.

"Ambuya, nikhululukireni."

"Kukhululuka sikuyimbidwa pa manda, mwana iwe. Izo tizakamba pambuyo." A Magdalena anatembenukira ku khomo. "Ba Stanislaus, makina yanu yakana ndithu?"

"Yakana, amayi."

"Ndiye watsala munthu mmodzi. Keziah."

Amayi achikulire aja anayang'anana. Keziah anali mwana wamkazi wa a Yoramu. Ali wamng'ono ankalima ndi atate ake mzere ndi mzere, ndipo chilichonse chimene iwo ankayimba kumunda, iye ankachitola. Atakula anakwatiwa ndi mwamuna wa mpingo wina ku Bundabunda. A Yoramu, pokhala katekisi, anakana kupita ku ukwatiwo, nanena pamaso pa anthu kuti mwana ameneyo asadzapondenso pakhomo pawo. Keziah anamvera. Sanapondepo.

"Amayi," anatero mmodzi wa achikulirewo, "abale a malemu anakana dzulo zomuitana. Anati mawu a mwini nyumba saphwanyidwa mtembo ukali m'nyumba."

"Anakana kutuma munthu wa pa banja," anayankha a Magdalena. "Uyu si wa pa banja. Uyu ali ndi mlandu wake, apita kukaukonza. Kapena pali amene afuna kuti mwamuna wanga aikidwe ndi pepala loyera?"



A Magdalena anapinda pepalalo n'kulibweza m'manja mwa Clotilda. "Ukamuyimbire mzere umene ukumbukira. Ngati ni mwana wa Yoramu, azapitiriza yekha. Ubwere naye dzuwa la mawa lisanafike pamutu. Akakana, iwe uzaima pa manda pamaso pa anthu onse, uwerenge mutu uwu, ndipo tizakhala cete mpaka nthawi ya nyimbo ithe."

8. Pa msewu

A Stanislaus anamuperekeza mpaka ku msewu waukulu. Anaimitsa lole ya munthu amene ankamudziwa, yopita cha ku Bundabunda, ndipo anapempha mkazi wa dalaivalayo kuti amuyang'anire mtsikanayo ndi kumusonyeza njira ya ku mudzi.

"Ukafika, usayambe ndi nyimbo," anatero. "Upereke moni, ukhale pansi, uyembekeze akufunse cimene wabwerera. Ukambe zoona zokhazokha, ngakhale zikhale zolemera. Wamva?"

"Namva, atate."

Ulendo uno anawayang'ana m'maso.

Atakwera, injini italira kale, anakumbukira chinthu china. Anawerama n'kukuwa kuti amveke.

"Atate! Kodi ba Keziah anauzidwa kuti atate awo amwalira?"

A Stanislaus anavula chipewa chawo n'kuchigwira pa chifuwa.

"Sanauzidwe, mwana wanga. Azamva kwa iwe."

Lole inanyamuka.